Ukafika ku Mangochi Usakadyere M'chipinda

Zione mwana wanga, Nangozo,

Ndakhala pakhonde pano pepala lili pabondo. Iwe wapita kukalukitsa tsitsi, amayi ako ali m'nyumbamu kusita zovala zako kachiwiri ngakhale unasita kale wekha. Mawa ukukwera basi ya ku Mangochi kukayamba miyezi yako yoyeserera ntchito ku labu ya chipatala, ndipo ine chimwemwe chandisowetsa pokhala ngati wopitayo ndine. Ndikanakuuza zonsezi pakamwa, koma ukudziwa kuti chidwalireni sitiroko ija lilime langa limayenda ngati lole yodzaza pachitunda, ndipo iwe chifukwa cha chisoni umandimalizira mawu ndisanafike komwe ndikupita. Papepala pano sundimalizira. Ukawerenge uli m'basi, mukadutsa pa Balaka.

Za ntchito sindikuuza kanthu, unaphunzira kundiposa. Za mapemphero ndi za anyamata amayi ako akuuza mpaka makutu ako atopa. Langa ine ndi gawo la m'mimba. Zaka zonse zija ndinkayendetsa lole ya nsomba kuchoka kunyanja kubwera kuno ku Ntcheu mpaka kukafika ku Limbe, ndinadya pabwino, ndinadyanso poipa, ndipo zonsezo ndinazilipira ndi thupi langali. Ndinkati tsiku lina ndidzakutenga ndekha, ukhale kutsogolo pambali panga, ndikakudyetse chambo chimene m'mawa wake chinali chikusambira. Mwendowu wakana. Basi, pita wekha, koma ukadye ngati ndilipo.

Choyamba ndi ichi, ndipo ndichibwereza mpaka utope nacho: usakadyere m'chipinda. Ndimakudziwa iwe. Ku koleji unabwerako khosi litatalika chifukwa cha buledi ndi tiyi wapabedi, kuopa kukhala wekha pagulu. Manyazi amenewo unatengera ine. Ulendo wanga woyamba ku Mangochi, nditangolandira kumene laisensi, ndinkagula buledi ndi chakumwa cha m'botolo n'kukadyera m'lole, magalasi ali chitsekere, poopa kuti anthu aziti mlendoyu alibe mnzake. Tsono kutentha kwa kumeneko si kwa kuno kumapiri. Tsiku lina tikukweza madengu a usipa pafupi ndi msika ndinangoona mdima. Podzidzimuka ndinali gone pansi pa mtengo, wina akundikupiza ndi katoni, mayi wina akundithira madzi kumaso. Mayiyo anali Abiti Saidi, wophika zakudya pamsikapo. Anandifunsa chomwe ndakhala ndikudya, ndipo nditanena anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anati, "Che Mngoni, ulendo wonsewu kudzadya buledi? Kwanu kulibe?" Anandikokera pa benchi yawo n'kundiikira mbale ya mpunga ndi utaka wauwisi, wophika ndi tomato ndi mchere basi. Ndinadya pakati pa anthu osawadziwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana kawiri. Aliyense anali kalikiliki ndi minga yake. Munthu wodya nsomba alibe nthawi yoyang'ana mnzake, Zione. Manyazi ako akakhala ako okha.

Abiti Saidi anatisiya, koma ndinamva kuti mwana wawo Maliyamu akuphikabe pamalo pomwepo, kuseri kwa ogulitsa tomato. Ukangofunsa kuti kwa Abiti Saidi n'kuti, aliyense akakulozera, dzina silinachoke. Ukayambire pamenepo tsiku lomwe wafikalo, chikwama ukangochitula.

Ulendo wotsatira ndinafuna kukathokoza. Ndinadzifunsa kuti chinthu chokoma kwambiri cha kwathu n'chiyani, ndiye ndinaima pamsewu n'kugula mbewa zapakamtengo, zonona bwino, n'kuzikulunga m'nyuzipepala. Ndinakazipereka ndi manja awiri, makasitomala ali pwirikiti, ambiri atavala makofia akuchokera ku mzikiti. Abiti Saidi atangotsegula phukusi, benchi yonse inabalalika ngati pagwa njoka. Mkulu wina anathawa ndi mbale yake m'manja, msuzi ukutayikira pa mkanjo. Ine ndili chilili, osadziwa chomwe ndalakwa. Mayi aja sanakwiye. Ananditengera kuseri, kundisambitsa m'manja ndi sopo, n'kundiuza mofatsa kuti kwa Asilamu zimenezo ndi haramu, zoletsedwa. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pamsikapo linali Che Mbewa. Ukakamva nkhalamba ina ikulitchula usakakane, ndi bambo ako amenewo. N'chifukwa chake pansi pa chikwama chako taikapo kathumba ka mbatatesi ya ku Tsangano ndi nyemba pang'ono, n'za Maliyamu, kumeneko zimasowa. Nkhumba usakaitchule n'komwe. Polandira mbale ndi pakudya, dzanja lamanja. M'mawa ukapereke moni wa Chiyao, uziti "Ajimwiche uli?" Akakuseka katchulidwe, koma nthuli yomwe akakuikire ikakula.

Posankha podyera usakakhulupirire penti. Ine nditayamba kuzolowera ndinadziona ngati bwana, ndiye tsiku lina ndinalowa pamalo ena opakidwa bwino, chambo chachikulu chojambulidwa pakhoma, mipando yovekedwa nsalu, koma mkatimo muli zii, mopanda munthu. Ndinati ndapeza pamtendere. Chambo chomwe anandibweretsera chinali chokazinga mpaka kuda, atachithira tsabola ndi zokometsera zambirimbiri kuti ukalamba wake usamveke. Ndinadya chifukwa cha ulemu wa mipando. Kuchoka pa Mangochi kukafika pa Ulongwe ndinaimitsa lole kuthamangira kutchire mpaka mwini katundu, amene anakhala nane kutsogolo, anasiya kudandaula n'kuyamba kundilozera yekha zitsamba zoyenera. Choncho iwe ukayang'ane komwe kwaima njinga za akabaza, komwe akulowa manesi ndi asodzi. Malo amene ndiwo zimatha dzuwa likadali pamutu ndiwo abwino, chifukwa palibe chogona. Ndipo usakaope kunena kuti ndione nsombayo musanaphike. Maso ake akhale owala, osati ofota. Utukule kachivundikiro ka m'mbali mwa mutu, mkatimo mukhale mofiira. Udine ndi chala, mnofu ubwerere. Wophika woona sakwiya ndi zimenezi, amakondwa kuti wapeza munthu.

Tsiku limene sukulowa m'mawa ku ntchito, ukalawirire kumunsi kwa mlatho wa pa Shire. Mabwato amafika pamenepo, ndipo amayi ena amakazinga pachiwaya pompo, nsomba kuchoka m'bwato kulowa m'mafuta. Ukagule chambo chapakatikati, chachikulu kwambiri n'cha ojambulitsa. Ukafinyirepo ndimu, mchere pang'ono, ndi chinangwa chokazinga pambali. Ndikulemba izi malovu adzaza m'kamwa, ine munthu woletsedwa mchere ndi mafuta. Koma m'manja ukasambe ndi madzi a m'beseni, osati kutsikira kumtsinje. Ng'ona za pa Shire sizifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani.

Mutu usakasiye. Ine chambo changa choyamba chabwino ndinadya mnofu wa m'mbali, uku ndi uku, n'kukankhira mbale patsogolo mutu uli tong'oo kundiyang'ana. Mkulu wina amene tinakhala naye benchi imodzi, Che Bwanali, msodzi wokalamba wa manja ong'aluka ndi zingwe za khoka, anayang'ana mbale, anayang'ana ine, kenako anandifunsa mwaulemu ngati kwathu kwagwa maliro. Nditadabwa, anati munthu wosiya mutu wa chambo ndiye kuti mtima wake uli kwina. Anaitanitsa mbale ija n'kundiphunzitsa ngati mwana. Umayamba ndi masaya, muli tinyama tiwiri tofewa kuposa nsomba yonse. Kenako umaphwanya pang'onopang'ono n'kumayamwa, chifukwa msuzi weniweni umabisala mmenemo. Ine kukoma kutandipitirira ndinafuna kuyamikira mnofu uli m'kamwa, ndipo munga unaima pakhosi. Misozi mbwembwembwe, anthu akundimenya pamsana, wina akundimezetsa nthochi yosatafuna. Utatsika, Che Bwanali anangoti kunyanja timayamika tikamaliza. Ndiye iwe ukamadya, foni m'thumba, pakamwa ntchito imodzi. Ndipo munga ukakana kutsika, ndiwe wa kuchipatala, usakalimbane ndi nthochi.

Amayi ako atuluka ndi ayironi m'manja kudzafunsa ngati ndikulemba buku. Akuti popeza ndayamba, ndikuuzenso kuti ukakagula usipa wauwisi kuti uphike wekha, suvundula ndi chipande, umaphwanyika. Umangogwira poto n'kugwedeza. Akutinso usipa umene ukuudziwa iwe, wouma wa pamsika wa kuno, ndi chithunzi chabe, mwini wake ukamuona kumeneko. Abwereranso m'nyumba. Koma ngakhale waphika wekha, utulutse mbale panja, ukadye ndi anzako okhala nawo pafupi. M'chipinda ayi.

Lachisanu masana malo ambiri amatseka, eni ake amapita ku mzikiti, ndiye ukadyeretu kapena udikire atuluke. Ukafunsenso ngati mwezi wa kusala, wa Ramadhani, ukakupeze uli komweko. Ine ndinaudziwira ku Makanjira. Inali nthawi ya mvula, lole inatitimira m'matope mpaka matayala osaoneka, ndipo amuna a m'mudzimo anabwera kudzakumba ndi kukankha dzuwa lili phwee. Ine njala itandigwira ndinatulutsa chinangwa chootcha n'kumatafuna pamaso pawo, n'kumatsitsira ndi madzi. Palibe anandidzudzula. Lole itatuluka, mmodzi mwa iwo, Che Yusufu, anati njira ya kutsogolo ndi yoipa kuposa pamenepa, ndikagone kwawo. Nditafika ndinapeza mkeka wayalidwa, anthu akhala mozungulira chakudya koma osachikhudza, kudikira kuitana kwa ku mzikiti. M'pamene ndinazindikira kuti anthu amene ankakankha lole yanga aja sanalawe ngakhale dontho la madzi chiyambire mbandakucha. Ndinafuna kupepesa, Che Yusufu anangondisunthira mbale. Zione, chakudya chimene chija sindinachipezenso kwina: futali wa chinangwa wothira nsinjiro, phala la mpunga, zitumbuwa za mpunga zofewa ngati thonje, mlamba wowamba, ndi tiyi wa jinja woyabwa pakhosi. Mbale yoyamba anapatsa ine, wodya masana uja. Choncho mwezi umenewo ukadye mobisa masana, ndipo wina akakuitana kuti ukamasule nawo, usakati ndakhuta. Akakuitanira ku ukwati, pitanso, kumeneko ndiye kuli pilawu wa mbuzi. Ku Makanjira sindikukutuma, msewu wake ndimaudziwa, koma a ku ntchito akakutumako usakalire, anthu ake ndi amenewo.

Loweruka lina ukakwere minibasi ya ku Monkey Bay. Ukafunse tsiku limene sitima ya Ilala ikhala padoko, chifukwa tsiku limenelo amayi onse odziwa kuphika amatuluka ndi mapoto awo. Kumeneko ukafune kampango. Ndi nsomba yopanda mamba, yonona, minga yake yochepa, yoti ngakhale wa kumapiri ngati iwe angadye maso ali kwina. Wauwisi amakoma ndi mpunga, wowamba amakoma wotendera.

Koma ukakapeza mphepo ya mwera ikuwomba, usakachite zomwe ndinachita ine. Ndinafika pa Monkey Bay ndi njala ya nsomba yauwisi, ndinakhala pa benchi ya mayi wina amene ndinkadyako kawirikawiri, mayi Faresi, ndipo atandiuza kuti lero kuli chigwada ndi kampango wowamba basi, ndinayamba kulalata. Ndinati nyanja yonseyi mpaka kusowa nsomba, ulesi basi. Mayi Faresi anandilozera kumadzi, komwe mafunde ankachita thovu loyera mpaka komwe maso amalekezera, ndiye anati, "Bambo a kunyumba analowa dzana, sanatuluke. Akatuluka, mudya." Anatembenuka n'kupitiriza kusonkhezera moto. Ndinadya chigwada chija mutu uli pansi, ndipo lole sindinailize, ndinagona pomwepo kudikira nawo. M'mawa mwake mphepo itagwa, bwato linatulukira, anthu onse amoyo, anali atabisala kuseri kwa chilumba. Mayi Faresi anathamangira m'madzi ndi chitenje chomwe. Masana ake anandiphikira kampango wa m'bwato lomwelo, osatchulanso za kulalata kwanga. Nsomba iliyonse yomwe ukaione pambale, Zione, pali munthu amene anagona pamadzi. Mtengo ukhoza kunenerera, ndi mwambo wa pamsika, koma usakanyoze. Ndipo chigwada cha kunyanja, chosinja bwino chothira nsinjiro, si chilango ayi.

Popeza ndiwe mtsikana woyenda wekha, ukafika podyera ukakhale pafupi ndi wophika, ngakhale utsi ukulowe m'maso. Umupatse moni, umufunse dzina, umuuze komwe wachokera. Ukatero wapeza mayi. Mwamuna wina akayamba kusuntha benchi kuyandikira, sukhala ndi ntchito yoyankha, chipande cha mayiyo chikayankha chokha, ndinaziona ndi maso anga kangapo. Chakumwa cha m'botolo atsegule iwe ukuona. Madzi a malambe oziziritsa ndi okoma kwambiri pa kutentha kuja, koma ukagule kwa munthu amene anzako a ku ntchito amagulako. Kusamba m'madzi odikha a m'mabango ayi, za likodzo ukuzidziwa kundiposa. Ubwerere dzuwa likadalipo. Zoopsa ndathera pomwepa, sindikufuna upite ndi mantha, ndikufuna upite ndi njala.

Tsono pobwerera kuchoka ku Monkey Bay, ukatsike pa Nkope, kwawo kwa amayi ako. Unapitako uli kumsana, sungakumbukire, ndipo maulendo ena onse amayi ako ankapita okha iwe uli kusukulu yogonera konko. Umadziwa kuti ndinawapeza kumeneko, koma sunamvepo kuti zinayamba bwanji. Lole inathyoka sipuling'i pa Nkope pomwepo, mwini katundu n'kupita kutauni kukafuna ina, ine kutsala kulondera. Pafupi ndi msewu panali kachisakasa ka udzu komwe atsikana awiri apachibale ankaphikira asodzi. Wamkulu, Esinati, anali wofatsa. Wamng'onoyo ayi. Ndinalowa nditapachika makiyi a lole pachala kuti aliyense aone, n'kuitanitsa chambo. Wamng'ono uja anati chambo chatha, kwatsala mcheni. Ine ndinati mcheni si nsomba yopatsa dalaivala. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndiye anati, "Dalaivala wa lole iti, yagona apoyo?" Asodzi onse anaseka mpaka kutsamwa. Akuseka chomwecho, mtsikanayo anali ataika kale mbale patsogolo panga: mcheni wautali wootcha pamakala, khungu lake lopserera pang'ono, atauwaza mchere, ndimu ndi tsabola wa kambuzi. Nditaluma kamodzi ndinaiwala mkwiyo, ndinaiwala lole. Nditamaliza ndinapempha wina. Anati watha, ofuna mcheni amabwera m'mawa, ndipo amabwera opanda makiyi pachala. M'mawa mwake ndinabwera manja ali m'thumba. Sipuling'i itafika, sikunaoneke makanika womanga pang'onopang'ono ngati ine m'dziko muno, ndipo kuyambira pamenepo lole yanga inkapeza chifukwa choimira pa Nkope ulendo uliwonse, mpaka atsibweni awo anandiitana kundifunsa ngati vuto lili mu injini kapena mwa dalaivala.

Amayi ako aakulu a Esinati akuphikabe pamalo pomwepo, kungoti pano anafolera ndi malata. Maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndipo nthawi zonse akaimba foni amafunsa kuti mwana uja adzamuona liti.

Amayi ako aima kumbuyo kwangaku, akhala akuwerenga podutsa paphewa, ndipo akuti nkhani ya mcheni ndaikometsera mbali yanga. Akuti ndilembe ichi momwe akuneneramu: "Usawaimbire foni achemwali anga. Ukangofika ukhale pa benchi ngati mlendo, uitanitse mcheni, tione ngati papite nthawi." Ine ndikuti sipakapita nthawi. Iwe ukaweramira mbale, n'kukweza maso kuyang'ana munthu, nkhope yako imakhala ya mtsikana anandiyankha mwano uja, osachotsapo kanthu. A Esinati akakagwetsa chipande, ukatole ndiwe, uwagwire dzanja akhale pansi, ndiye utiimbire pomwepo tisanamve kwa wina. Amayi ako alowa m'nyumba akupukuta m'maso, akuti ndi utsi wa makala a mu ayironi.

Pita bwino, Nangozo. Mulungu akutsogolere, ndipo ukadye.

Ndine bambo ako,
Ngozo